Ndinapala Thabwa la a Rameshi

Iwe Yankho, bweza puleniyo pamene waitenga. Si yoseweretsa, ndipo mpeni wake ukadali wakuthwa. Khalani pansi nonse, mtedzawu sudziswa wokha. Takondwa, wolowa m'kamwa wachuluka kuposa wogwera m'lichero. Maso anga ndi ofooka, koma kutafuna ndimakumva bwinobwino.

Mwakhala mukundifunsa, inu ana, chifukwa chimene ndimabwezera anthu akabwera ndi mipando yakale kuti ndiipale ioneke yatsopano. Amayi anu amakuuzani kuti ndi ukalamba. Akudziwa kuti si ukalamba, kungoti nkhani yake imawaliritsa. Lero ndiikamba ndekha. Ndinali ndi mnzanga amene nzeru zinkamuthawa pang'onopang'ono, ndipo chinthu chimodzi chimene chinkamukumbutsa moyo wake ndinachiwononga ndine ndi puleni imeneyo. Chimene chinatsala n'chakuti ndikapepese iye akadandizindikira. Mumve mmene agogo anu anachitira.

Dzina lake linali Rameshi, Mmwenye, koma wobadwira pompano pa boma, kuseri kwa sitolo ija mumagulako mayunitsi. Bambo ake ankagulitsa nsalu, mchere, palafini ndi makasu. Bambo anga anali telala pakhonde la sitoloyo, ndi makina aja opalasa ndi phazi. Inu a kaunjika simungamvetse kuti kale malaya ankayamba ndi kukuyeza, n'kudikira sabata yathunthu, n'kukapeza telala wayamba wasokera wina amene anabwera pambuyo pako. Ine ndi Rameshi tinakulira pansi pa makinawo, tikutola tizigamba n'kumamanga mpira. Chinyanja ankachilankhula ngati mwana wa kwa Mavwere, mpaka mayi ake ankamukoka khutu akayankha bambo ake m'chilankhulo chathu.

Legeni ndinamuphunzitsa ndine, koma mwezi usanathe anandiposa. Diso lake silinkaphonya. Vuto linali loti kwawo sadya nyama, ndiye akalasa njiwa ankakhala pansi n'kumalira, ine ndili kalikiliki kusonkha moto. Kwathu ankadya mbatata ndi nkhwani wotendera, kwawo ine ndinkadya chapati ndi tiyi wa jinja wowotcha pakhosi. Tili ndi zaka ngati zako iwe Limbani, anamutumiza kwa amalume ake ku India kukaphunzira. Anakwera lole ya fodya, kenako sitima yapamtunda mpaka ku Beira, kenako yapamadzi. Sitinatsanzikane n'komwe, chifukwa tsiku limenelo ndinali kubusa.

Zaka zinadutsa. Boma la chipani chimodzi lija linalamula Amwenye kuchoka m'maboma ang'onoang'ono kupita m'mizinda. Sitolo inatsekedwa, makina a bambo anga anabwera kunyumba n'kuchita dzimbiri. Ine ndinali nditaphunzira ukalipentala pa mishoni kwa mdala wina wosaseka, a Tembo. Iwowa anandikhomera lamulo limodzi m'mutu: chinthu chikabwera pa benchi pako chisabwerere mmene chinabwerera. Munthu akabweretsa tebulo kuti ukonze mwendo, iwe ulipalenso pamwamba, ulipake vanishi, osamuuza n'komwe. Ameneyo ndiye banyira wa kalipentala, anzathu a ku Chipata amati mbasela. Mayi wa tomato amakuponyera mmodzi pamwamba pa mulu, ifenso timatero ndi manja athu. Mwambo umenewu ndinatchuka nawo kuyambira pa boma mpaka ku Chiosya, ndipo ndinkadzitama nawo kwambiri.

Matipate atabwera, mlongo wake wa Rameshi, Mayi Mina, anachoka ku Lilongwe kudzatsegulanso sitolo ya bambo awo. Anandiitana kuti ndikhome mashelefu. Tsiku lina ndili pamakwerero, misomali ili kukamwa, panalowa munthu wamtali, mutu uli mbuu, akukoka mwendo wakumanzere. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Kodi si Zakeyu wa atelala uyu?"

Ndinatsika, misomali ndinalavulira m'manja. "Ndine. Inu ndani?"

"Amene ankakulasirani njiwa. Zaka zonsezi simunatalike ngakhale pang'ono?"

Tinaseka mpaka misozi. Chinyanja chawo chinali chakalekale, cha nthawi ya bambo anga, chokhala ndi mawu ena oti ifenso tinawasiya. Kuyambira apa ndiziti a Rameshi, poti anabwera ndi imvi.

Za moyo wawo sankakonda kukamba. Ndinkangotola pang'onopang'ono tikamamwa tiyi pakhonde. Ku India kuja diso la legeni lija linapeza ntchito m'masewera otchedwa kiriketi. Wina amaponya mpira wofiira wachikopa, wolimba ngati mwala, kuti agwetse timitengo titatu tozika pansi. Mnzake amaima patsogolo pa timitengoto ndi thabwa, kuteteza ndi kumenya mpirawo, akaumenya n'kumathamanga uku ndi uku. Masewera amodzi amatha masiku, ndipo pakati amaima kaye kuti amwe tiyi. Nditamva zimenezo ndinati awa ndi masewera a anthu opanda munda.

A Rameshi anayambira pabwalo lafumbi la sukulu, n'kukwera mpaka timu yaikulu ya kumeneko. Anatchuka ndi kusagwetseka. Ena ankamenya mwamphamvu n'kutuluka msanga, iwo ankaima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, oponya n'kumatha mphamvu mmodzimmodzi. Bondo litawonongeka anakhala mphunzitsi wa timu, ndipo anyamata ambiri amene anadzamveka pa wailesi anadutsa m'manja mwawo. Kenako akazi awo anamwalira, ana analibe, timu inapeza mphunzitsi wachinyamata wodziwa makompyuta. Anangolongedza sutikesi n'kubwerera kumene unagwera mchombo wawo.

Kunena zoona, ndinkayesa akuwonjezera mchere, monga timachitira tonse okalamba. Ndinakhulupirira tsiku limene Mmwenye wina wolemera wa ku Chipata anawoloka bodala ndi galimoto yake kudzangowaona basi. Bambo wamkulu, wamimba yake, anawerama pamaso pa anthu n'kugwira mapazi a a Rameshi, misozi ili mbwembwembwe. Ankati ali mnyamata anajomba kusukulu masiku atatu kumvera pa wailesi mmene munthu ameneyu ankakanira kugwa. A Rameshi anangochita manyazi n'kumufunsa ngati angamwe tiyi.

Munthu wozolowera kuphunzitsa sakhala pansi. Anakapempha kangodya ka bwalo la pulaimale, n'kusonkhanitsa ana. Pakati pa bwalolo tinathira dothi la pachulu, kulinyowetsa, n'kumagubuduzapo mgolo wodzaza mchenga mpaka kulimba ngati simenti. Anthu odutsa ankaima n'kumafunsa kuti tidzalapo chiyani pamalo othirira chotere. Mipira inali ya tenesi yokulunga ndi tepi, ndipo ndinkakaigula ndine ku Chipata pa njinga. Inu mumakwera minibasi n'kumadandaula kuti mwapanikizana. Ine ndinkapalasa kudutsa bodala, kukankha m'zitunda zonse zija, kamba wanga ali chinangwa chophika, n'kubwerera tsiku lomwelo matako atachita dzanzi.

Matabwa omenyera ndinkasema ndine, a mtengo wa malaina poti ndi wopepuka. Asanu oyamba anawakana onse. Ankalinyamula, kuligwedeza m'mwamba, n'kupukusa mutu. "Zakeyu, ichi ndi chitseko." Ine n'kupsa mtima, chifukwa ndinali wamtima wapachala, funsani amayi anu. Ndinkapita kunyumba ndikulumbira kuti sindisemanso, m'mawa n'kupezeka ndili pa benchi ndi sompho.

Amayi anu, Esinati, anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Musawaone lero akudandaula msana. Anapita kubwaloko kukandipatsira thobwa, mpira unagubudukira kumapazi kwawo, iwo n'kuutola n'kuuponya. A Rameshi, amene ana onse ankawatcha a Kochi, anasiya zonse n'kubwera akutsimphina. Tsiku lomwelo anafika kwathu kudzapempha mwana. Agogo anu aakazi, malemu Nangozo, anakana poyamba.

"Mtsikana wamkulu azikathamanga ndi anyamata? Kumpingo akamva aziti chiyani?"

"Amayi," anatero a Rameshi atakhala pa mpando wachikumba, chipewa chili m'manja, "ndaphunzitsa ana ambiri kutsidya la nyanja. Dzanja ngati ili ndaliona kawiri kokha. Madzi azitunga kaye, nkhuni azitola kaye, akamaliza mundibwereke."

Nangozo anagonja, makamaka poti mlendoyo anadya nkhwani wawo n'kupempha wina. Patapita zaka ziwiri timu inakwera lole ya chimanga kupita ku Lilongwe kukasewera ndi ana a sukulu ya anthu olemera. Anagonja, inde, ana athu osavala nsapato. Koma Esinati anagwetsa timitengo ta anyamata atatu ovala zoyera, ndipo a Rameshi anaimba njira yonse pobwerera. Zimenezo ndiye zinali zaka zabwino.

Kuiwala kunayamba ngati nthabwala. Ankafunafuna magalasi ali pamphuno. Kenako anayamba kuitana Esinati ndi dzina la Chimwenye. Tsiku lina ananyamuka kuti akupita kubwalo, n'kulowera msewu wa kubodala, mpaka osintha ndalama anawazindikira n'kuwakweza kabaza. Anthu anayamba zawo zija, eti zizimba za m'sitolo zawatembenukira. Mayi Mina anapita nawo kwa madokotala ku Lilongwe, ndipo anauzidwa kuti ndi matenda a ubongo, alibe mankhwala, amangopitirira. Zimenezi ndinkazidziwa, ndipo zinkandimvetsa chisoni.

Chimene sindinkadziwa ndi za thabwa lawo. Anali nalo limodzi lochokera ku India, limene mwana aliyense sankaloledwa kuligwira. Linali lakuda ndi mafuta ndi thukuta, kumaso kwake kuli mabala ofiira, kumsana kuli tizolembalemba ta inki tozilala, topiringizika. M'mawa uliwonse ndikamadutsa ndinkawaona pakhonde ataliika pamiyendo, chala chikuyenda pamsanapo, milomo ikugwedera. Ine ndinkati ndi mapemphero a kwawo, ndipo za mapemphero a munthu sufunsa. Zolembazo ndinkayesa anakhwatchakhwatcha ndi ana osamva a kumeneko. Inu ndikuuzirenitu, kuti musakhale opusa ngati ine: anali mayina a anzawo a mu timu, aliyense analemba ndi dzanja lake tsiku limene a Rameshi anasewera komaliza.

Tsiku lina thabwalo linagwa kuchokera pa kabati, n'kung'aluka kumunsi. Analibweretsa okha kwathu atalikulunga m'chitenje.

"Zakeyu, pang'aluka apa. Mumate ndi guluu, mumange ndi ulusi. Pokhapo."

"Musadandaule, zimenezi ndi zazing'ono."

"Pokhapo, Zakeyu."

Ananena kawiri, ndipo kawiri konse ndinamva. Koma kwathu kuno aliyense amatero. Wobweretsa mpando amati "mwendo wokhawu, bambo," pofuna kusonyeza kuti sakufuna kukuvutitsa, mumtima akuyembekeza banyira. Ndinamata, ndinamanga, guluu anauma. Kenako ndinaliyang'ana thabwalo n'kumva manyazi. Munthu woti anzake amawoloka bodala kudzamugwira mapazi, n'kumasunga chinthu chakuda ngati chopondera matope? Ndinaganizanso za matabwa anga aja ankawatcha zitseko. Ndinati lero aona kuti Zakeyu ndi mmisiri.

Nangozo anandipeza ndikunola mpeni wa puleni. "Bambo a Esinati, eni ake mwawafunsa?"

"Ntchito yanga mwayamba kuidziwa liti?"

Anangotola mtsuko wawo n'kumapita. Akulu anati safunsa anadya phula. Puleni inadutsa kumaso katatu, kumsana kanayi. Mtengo wake unali wofewa, woyera, sindinaugwireponso wotero. Ndinapitsa sandipepala, ndinapaka vanishi kawiri, n'kuliimika padzuwa. Linawala moti ndinaitana oyandikana nawo kudzaona, ndipo onse anandiyamikira.

M'mawa mwake ndinavala jekete, n'kulinyamula m'chitenje chomwe chija. Ndinawapeza pakhonde, manja ali pamiyendo, akudikira. Anamasula chitenjecho mofulumira. Analitembenuza kumsana. Analitembenuzanso kumaso, kenako kumsana. Chala chinayamba kuyenda pa vanishi paja, kutsika, kukwera.

"Langa lili kuti?"

"Ndi lomwelo, a Rameshi. Ndalikonza lonse. Zinazo ndi banyira."

"Nanga anzanga ali kuti?"

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino, chifukwa kukangana ndimakutha. Anangoika chala pamwamba penipeni, pamene panali dzina loyamba, n'kutchula dzina. Anatsitsa chala, natchula lachiwiri. Pachitatu anaima. Milomo inkagwedera koma mawu osatuluka. Anabwerera pamwamba kuyambanso, n'kuimanso pomwepo.

Mayi Mina anatuluka m'sitolo, n'kuona, n'kugwira pakamwa. Anandikokera kuseri kwa matumba a feteleza.

"A Mbewe, mwachita chiyani? Mukudziwa chimene mwachotsa?"

Ndipo anandiuza. M'mawa uliwonse achimwene awo ankadzuka asakudziwa bwino kumene ali. Akawerenga mayina aja mmodzimmodzi, dzina lililonse linkakoka nkhani yake: uyu ndinagona naye chipinda chimodzi, uyu ndiye anandionetsa mkazi wanga. Mabala ofiira aja anali a mipira ya masewera awo omaliza, ndipo ankadziwa lililonse amene anaponya. Akafika pa dzina lomaliza amakhala atadzipeza, n'kupempha tiyi, n'kupita kukaphunzitsa ana. Zithunzi ndi manyuzipepala zinadyedwa ndi chiswe m'katoni chaka choyamba chomwe. Mayi Mina mayinawo sankawadziwa, poti iwo anakulira kuno. Kunalibenso kwina kumene analembedwa.

Apa mpamene ndinayenera kugwada, inu ana. Pakhonde panali anthu ogula, ena mwa iwo omwe aja anayamikira ntchito yanga dzulo lake. Manyazi anandikwera kumutu n'kusanduka mkwiyo.

"Mukanandiuza. Ine ndilota? Ndataya tsiku lonse ndi vanishi wanga, ndiye kuthokoza kwake n'kumeneku? Anthu inu simuyamika."

Mawu akuti "anthu inu" ndinawanena mokweza, kwa munthu amene ndinadya naye mbale imodzi tili ana. A Rameshi anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Anamva, ndipo tsiku limenelo anali akumvetsabe zonse. Ndinatembenuka n'kumapita.

Esinati atamva anathamangira ku benchi kwanga, n'kugwada pansi kufufuza zopalidwa zija. Zambiri Nangozo anali atakolezera mbaula m'mawa womwewo, monga ankachitira masiku onse. Anapeza tiwiri tokha tokhala ndi inki, n'kutiika m'bokosi la machesi, n'kupita nato. Panali timizere chabe, theka la chilembo apa, kamchira apo. A Rameshi anatiyang'ana n'kumubwezera. Madzi akatayika saoleka.

Madzulo ake mwanayo anaima pakhomo, osakhala pansi. "Ababa, mupite mukapepese."

"Ndipita mtima ukatsika."

"Mtima wanu utsika, koma mutu wawo sudikira."

Ndinamukalipira kuti mwana salangiza bambo ake. Sabata inatha. Ndinati ndipita ndikamaliza kupalira. Kenako ndinati ndikathyola fodya. Kupita kumsika ndinayamba kuzungulira njira ya kuchigayo kuti ndisadutse pasitolo. Usaseke, Limbani, iwenso uli ndi liuma lomweli, ndinakuona dzana utakana kudya chifukwa cha mpira. Chinthu chake chimakula mukachisiya. Sabata yoyamba ukadapita n'kungoti pepani. Pakatha miyezi itatu umafunika kupepesa ziwiri, cholakwa ndi kuchedwa, ndiye mwendo umalemera kuposa kale.

Esinati ankabwera ndi nkhani, ine n'kumayerekeza kuti sindikumva. A Kochi ayesa kulemba mayina papepala, afika anayi. A Kochi lero sanabwere kubwalo, ana ndawaphunzitsa ndine. A Kochi aima pakati pa bwalo n'kufunsa kuti ana onsewa ndi a yani. Kawiri kapena katatu anandiuza kuti, "Akufunsa za inu. Akuti Zakeyu wadwala kodi?" Matendawo akanapitirirabe ngakhale thabwa likanakhalapo, madokotala anatero, ndipo ndakhala ndikudzitonthoza nazo zimenezo. Koma amayi anu amene ankawaona tsiku ndi tsiku amati chitachitika chija anatsetsereka msanga.

Kenako kunagwa njala ija mumaimva, ya anthu kudya zitsa za nthochi ndi gaga. Kiriketi inatha yokha, ana analibe mphamvu zothamangira, pabwalo paja panamera chisoso. Ntchito ya ukalipentala inatsala ya mabokosi a maliro basi. Mwezi wa Febuluwale Esinati anabwera kuchokera kusitolo kuja ndi kathumba ka ufa pamutu. Mayi Mina anati achimwene awo, tsiku lina mutu utayera pang'ono, anafunsa ngati kwa atelala kuli chakudya. Ufawo ndinadya, inu ana. Ndinadya ndi manja omwewa, ndipo kupita sindinapite, chifukwa tsopano manyazi anali atafika pakhosi.

Njala itatha ndinayesa kupepesa mwaukalipentala. Ndinatenga mlombwa umene ndinkasungira chitseko cha nyumba ino, n'kupanga mpando wamanja, wotsamira bwino, woti munthu wa bondo lopweteka adzuke mosavuta. Ndinatuma Esinati kuti akapereke. Anapita nawo, n'kubwerako.

"Alandira?"

"Akhalapo. Koma mpando sulankhula, ababa."

Chimene chinandidzutsa ndi Nangozo. Tsiku lina m'nyengo yachisanu anabwera kuchokera kumsika, n'kutula dengu, osandipatsa moni. Anati Mayi Mina akugulitsa katundu wa m'sitolo, mwezi ukatha akubwerera ku Lilongwe ndi achimwene awo kuti akhale pafupi ndi chipatala. "Zaka ziwiri ndakhala chete," anatero. "Mukapanda kupita mawa, ndipita ndine kukagwada m'malo mwanu, boma lonse lione kuti ndinakwatiwa ndi mwana."

Ndinapita. Mawu ndinawakonza njira yonse. Mayi Mina anandilandira n'kundilowetsa kuchipinda chakuseri, chomwe chija ndinkadyeramo chapati. A Rameshi anali atakhala pafupi ndi zenera, atafunda bulangete, ataonda kwambiri. Thabwa lija panalibe, Mayi Mina anali atalibisa poti achimwene awo akaliona ankavutika. Atandiona anamwetulira n'kuyesa kudzuka.

"Lowani, bambo. Mina, mlendo. Tiyi."

Ndinagwada pansi pa simenti, ine amene sindinagwadirepo munthu chikulire. "A Rameshi, ndabwera kudzapepesa. Ndinapala thabwa lanu, ndinachotsa mayina a anzanu. Munandiuza kawiri koma sindinamvere. Kenako ndinakunyozani pagulu. Ndinalakwa, mundikhululukire."

Anamvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza. Kenako anandigwira paphewa.

"Dzukani, bambo, pansipo mpozizira. Mwina mwasokoneza nyumba. Ine simunandilakwire kanthu, ndakuonani lero."

"Ndine Zakeyu."

Anaseka pang'ono, mokoma mtima, monga umasekera munthu wamkulu akalakwitsa. "Ayi, Zakeyu ndi mnyamata. Wamfupi chonchi, mwana wa atelala. Mumamudziwa?"

Ndinayang'ana Mayi Mina. Anali atatembenukira kukhoma. "Ndimamudziwa," ndinatero.

"Ndiye mukamuona mumuuze abwere. Ndamudikira nthawi yaitali. Kaya ndinamulakwira chiyani. Mumuuze kuti ngati ndinamulakwira, andikhululukire."

"Ndikamuuza."

"Musaiwale, bambo."

Tiyi anabwera, tinamwa. Anandifunsa ngati ndili ndi ana, ngati mvula inagwa bwino kwathu. Ndinayankha zonse. Nditatuluka ndinakafika kuseri kwa sitolo n'kulira ngati mwana, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akudutsa ndi njinga zawo.

Masabata atatu otsalawo ndinkapita tsiku lililonse. Tsiku lililonse ndinali mlendo watsopano, ndipo ankandilandira bwino. Ndinayesanso kupepesa kawiri, koma ndinaona kuti zikungowasokoneza, ndiye ndinasiya. Ndinkangokhala nawo, kuwasendera nthochi, kuwathandiza kupita panja. Masiku ena ankandituma uthenga womwe uja, ine n'kumalonjeza. Tsiku lonyamuka ndinawakweza ndine m'galimoto, ndipo anandithokoza ngati mmene umathokozera munthu wachifundo wokumana naye panjira.

Anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Uthenga unatipeza mochedwa, mwambo utachitika kale. Yankho, usapukute maso ndi manja a mtedza, ayabwa.

Akanakhala wa kuno, bwenzi ndikupita kumanda chaka chilichonse ndi khasu, kukalambula, n'kunena zonse pamenepo mwina mtima n'kupepuka. Koma pa mwambo wa kwawo amawotcha mtembo, ndipo phulusa Mayi Mina anakalimwaza mumtsinje, sindikudziwa n'komwe uti. Ndiye kupepesa kuja ndikadali nako, inu ana, ndipo kulibe koti ndikakutule.